KUMBANI PANSI PA HEMA

Kaya muli kunyumba, kaya muli m'minibasi, kaya muli pabedi la chipatala ndi kawailesi pakhutu, Mulungu akudziwa pamene mulipo. Aleluya!

Lero tikambirana za kubweza chuma chakuba. Musazimitse wailesi. Ndikudziwa kuti wina dzanja lapita kale pabatani. Dikirani kaye, mwina uthengawu ndi wanu.

Tsegulani Yoswa mutu 7. Aisraeli atagonjetsa Yeriko, munthu wina dzina lake Akani anaona chovala chokongola cha ku Babulo, masekeli a siliva 200, ndi golide wolemera masekeli 50. Anatenga, nakakwirira m'hema mwake. Palibe anamuona. Koma Aisraeli atapita kukamenyana ndi kamzinda ka Ai, anathamangitsidwa, ndipo amuna 36 anafa. Mwamva? Wakuba ndi mmodzi, maliro ali m'nyumba za ena.

Tsono taonani. Akani atavomera tchimo lake, Yoswa sananene kuti basi, wavomera, tiyeni tiimbe nyimbo. Ayi! Anatuma anthu, anathamangira kuhema, anafukula katundu yense, namuyala poyera pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Kuvomera kunalipo, komanso kufukula kunalipo.

Abale anga, ife Amalawi nkhani ya Akani tinaiona ndi maso. Mu September 2013, mkulu woona za bajeti ya boma anawomberedwa ndi mfuti pageti la nyumba yake ku Lilongwe. M'masiku amenewo apolisi anayamba kupeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu, ena mwa iwo makalaliki wamba. Zinadziwika kuti ndalama za boma zimalipidwa ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenako anthu n'kufufuta m'makompyuta kuti pasaoneke phazi. Akatswiri owerengera chuma a Baker Tilly ochokera ku Britain anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndiyo Cashgate ija. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku bajeti. Analipira ndani? Mayi amene anafika pachipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, mukagule. Ameneyo ndiye mmodzi wa amuna 36 a ku Ai aja.

Ena anamangidwa, inde. Wina anagamulidwa zaka 11 mu 2015. Koma ndikufunseni funso. Munthu akaba mamiliyoni, n'kukakhala kundende zaka zingapo, potuluka n'kupeza nyumba zake zilipo, malole ake akuyenda, mwati munthuyo walangidwa? Kapena wangopita kukagwira ganyu wa malipiro abwino? Mwana amene akuonerera aphunzirapo chiyani? Aphunzira kuti kuba kumalipira, bola ukhale wopirira.

N'chifukwa chake dziko lathu lili ndi malamulo olondola katundu, osati munthu yekha. Ndikufuna muwadziwe, pakuti Mkhristu sayenera kukhala mbuli.

Choyamba, lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linabala bungwe lolimbana ndi katangale la ACB. M'lamulo limeneli muli ndime yonena kuti wogwira ntchito m'boma akapezeka ndi chuma choposa malipiro ake odziwika, ayenera kufotokoza kumene anachitenga. Akalephera, umenewo ndi mlandu.

Chachiwiri, lamulo la Financial Crimes Act la 2017. Limeneli linakhazikitsa bungwe la FIA, limene mabanki amaliuza akaona ndalama zokayikitsa zikulowa ndi kutuluka. Lamuloli linatsegula njira ziwiri. Njira yoyamba, khoti likakupeza wolakwa, limathanso kulamula kuti zimene unapindula ndi mlanduwo zilandidwe. Njira yachiwiri, mvetserani bwino, boma limatha kupita kukhoti kukasumira katundu weniweniyo, ngakhale mwini wake asanapezeke wolakwa pa mlandu waupandu. Khoti limayamba laika chiletso: nyumba isagulitsidwe, akaunti isakhudzidwe. Kenako aliyense wonena kuti katunduyo ndi wake amapatsidwa mpata wobwera kudzaonetsa kuti anamupeza mwachilungamo. Khoti likakhutira kuti katunduyo ndi chipatso cha umbava, amapita ku boma. Ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti kukhoti lalikulu kukhale nthambi yapadera yoweruza milandu ya zachuma.

Zimatheka kodi? Zimatheka. Kwa anzathu ku Zambia, mu 2021 ofufuza anapeza ndalama zoposa K65 miliyoni za kumeneko m'nyumba ina ku Lusaka. Zinalandidwa, ndipo chaka chotsatira zinaperekedwa kuti zilipirire ophunzira a kuyunivesite. Ku Nigeria, Sani Abacha anamwalira mu 1998, koma patapita zaka pafupifupi 20 dziko la Switzerland linali likubwezabe ndalama zimene anabisa kumeneko, ulendo wina zoposa madola 300 miliyoni. Akuluakulu anati mlandu suwola. Nenani Amen!

Wina anena kuti, abusa, izi ndi za ndale, lalikirani za kumwamba. Mbale wanga, lamulo lobweza silinayambire ku Nyumba ya Malamulo. Linayambira kwa Mulungu. Pa Eksodo 22, woba ng'ombe n'kuipha kapena kuigulitsa amabweza zisanu, woba nkhosa amabweza zinayi. Pa Levitiko 6, wodyera mnzake masuku pamutu amabweza chonse n'kuwonjezapo gawo limodzi la magawo asanu. Ukaba K100,000, ubweze K120,000, ndipo ubweze tsiku lomwelo ukupita ndi nsembe yako. Pa Luka 19, Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho, sanadikire masamani. Anaimirira yekha n'kulonjeza theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Yesu analengeza chipulumutso panyumbapo atamva zimenezo. Kulapa kosunga katundu wakuba ndi sewero chabe.

Tsopano ndibwere kwa ife a mumpingo, pakuti chiweruzo chimayambira m'nyumba. Ndiulule za ine mwini. Zaka zapitazo tikumanga tchalitchi, bambo wina anatibweretsera malata onse a denga. Ndimadziwa ntchito yake, ndimadziwa kuti malipiro ake sangagule malata amenewo. Mtima unandiuza kuti funsa. Sindinafunse. Ndinamuimika kutsogolo, tinamuwombera m'manja, ndinalalikira za madalitso. Patapita miyezi anamangidwa. Abale, mvula ikamagwa padenga lija ndimamva ngati ikundiitana dzina. Tinakhala pansi ndi akulu a mpingo, tinawerengera mtengo wa malata, tinasonkha kwa chaka chathunthu, tinakapereka kwa oyendetsa mlanduwo n'kulandira lisiti. Zinali zamanyazi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndimagona tulo. Ngakhale ansembe amene anapereka Yesu anakana kuika ndalama za Yudasi mosungira chuma cha m'Kachisi. Ife tiposedwe ndi amenewo?

Chakhumi sichitsuka ndalama zakuba. Guwa si bafa losambitsiramo katangale. Mukundimva?

Ndilankhule ndi inu mayi, amene amuna anu analemba nyumba m'dzina lanu koma simudziwa ndalama zinachokera kuti. Ndilankhule ndi iwe mnyamata, amene amalume ako anakuuza kuti ungosayina apa, galimoto likhale m'dzina lako, akaunti ikhale yako. Iwe ndiwe hema wa Akani. Akadzabwera ofukula, adzakumba pa iwe. Kubisa kapena kusunga chuma ukudziwa kuti ndi chakuba ndi mlandu pawokha pamaso pa lamulo, ndipo Miyambo 29 imachenjeza kuti wogawana ndi mbala akudzida yekha. Funsa lero. Ukaona kuti yankho likuzungulira, kana.

Ndipo inu amene mumati mbuzi imadya pamene aimangirira, kumbukirani kuti mwini chingwe akubwera.

Kwa olamulira ndinenenso mawu. Aroma 13 imati wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu, ndipo lupanga sanaligwire pachabe. Lupanga limenelo lisadule a chipani china okha, n'kumalumpha a kwanu. Komanso zolandidwazo muziyale poyera monga anachitira Yoswa. Tiuzeni kuti nyumba iyi yagulitsidwa mwakuti, ndalama zake zagula mankhwala kwakuti. Zobedwa zisabedwenso kachiwiri. Ndipo inu omvera, palibe wakutumani kukaotcha nyumba ya munthu chifukwa mukumuganizira. Ngati mukudziwa kanthu, kaneneni ku ACB kapena kupolisi, khoti ligwire ntchito yake.

Nthawi yanga yatha. Koma pali wina akundimva amene mtima ukugunda. Pansi pa hema wako pali kanthu. Mwina si mabiliyoni. Mwina ndi ndalama za banki m'khonde, mwina matumba a feteleza a anthu osauka, mwina munda wa ana amasiye. Akani anadikira mpaka maere atamugwera. Zakeyu anatsika mumtengo yekha. Sankha lero kuti ukhala uti. Pita kwa abusa ako, funa loya akulangize njira yake, ukabweze.

Tiyeni tipemphere. Atate, m'dzina la Yesu, unikani pansi pa mahema athu. Patsani mtima wolimba iye amene akufuna kubweza. Patsani oweruza ndi ofufuza athu manja oyera. Bwezerani kwa osauka a dziko lino zimene dzombe linadya. Ndipo muyambe ndi ine. Amen.

Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Ambuye akusungeni.