Kalata ya Ufulu ya Mudzi wa Tintinnano

Lero tikambirane za kamudzi kena ka ku Italy. Masiku ano kamatchedwa Rocca d'Orcia, koma kale ankati Tintinnano. Kali m'chigawo cha Tuscany, kumwera kwa mzinda wa Siena. Kumtunda kwa mudziwo kuli thanthwe lalikulu, ndipo pathanthwepo pali linga la miyala.

Zaka 800 zapitazo, lingalo linali la banja la a Tignosi. Iwowa ndiwo anali eni nthaka. Mlimi ankalima munda wa bwana. Akakolola ankapereka gawo la tirigu wake, komanso ankagwira ntchito yosalipidwa, monga thangata lija amasimba makolo athu. Udindo wa bwana unali kuteteza anthu pa nkhondo.

Vuto linali lakuti msonkho unalibe malire. Bwana akafuna zambiri ankangotenga. Nanga mlimi akanadandaula kwa yani, poti woweruza milandu anali bwana yemweyo?

Anthu atatopa anayamba kusamuka, mudzi ndi kumachepa. Tsono taganizani, bwana wopanda olima adya chiyani? M'chaka cha 1207 Guido Medico, mmodzi wa a Tignosi, anapangana ndi anthu a m'mudzimo, ndipo panganolo linalembedwa. Dzina lake ndi Charta Libertatis, ndiye kuti kalata ya ufulu.

Mumvetse bwino apa. Kalatayo sinachotse mabwana ayi. Inangotchula zimene anthu ayenera kupereka pa chaka. Komatu chimenecho si chinthu chochepa. Pangano la pakamwa munthu wamphamvu amalikana mawa. Lolembedwa limakhala mboni ngakhale olilemba atamwalira. Chovuta chinali chakuti kalatayo inali m'Chilatini, ndipo alimi ambiri a nthawi imeneyo sankadziwa kuwerenga. Ankadalira wina kuti awauze za m'kalata yawo yomwe.

Pambuyo pake eni linga anasintha. Cha m'ma 1250 linapita m'manja mwa mzinda wa Siena. M'chaka cha 1274 a Siena analipereka kwa banja lolemera la a Salimbeni, limene linawakongoza ndalama. A Salimbeni anakhala nalo mpaka cha m'ma 1419, pamene Siena analilanda.

Pa nthawi ya a Salimbeni, m'chaka cha 1377, kunabwera mlendo, mayi wopemphera wotchuka, Caterina wa ku Siena. Makalata ake ankachita kumulembera ena. Koma m'kalata ina iye ananena kuti kumeneko ndi kumene anayamba kulemba ndi dzanja lake. Anali ndi zaka 30.

Tsono funso ndi ili, mukakambirane m'magulu mwanu: pangano la munda, la ngongole kapena la ganyu limene muli nalo, kodi linalembedwa? Ngati linalembedwa, amakuwerengerani ndani?