Mkangano wa pa Mastodon: Mau a Mlembi wa Nthambi

Lero tiri ndi nkhani ya kutali, koma muli phunziro.

M'chaka cha 2016 mnyamata wa ku Germany, Eugen Rochko, anayambitsa Mastodon, malo ochezera pa intaneti opanda mwini mmodzi. Ali yense akhoza kutsegula seva yache, kuika malamulo ache, ndi kulumikizana ndi maseva ena monga midzi yoyenderana. Azungu achitcha chitaganya. Ife mau amenewa atiwawa, pakuti chitaganya cha 1953 anachita kutikakamiza. Koma ichi mudzi ulowa mwa kufuna kwache, ndipo ukhoza kutsekera njira mudzi wina.

Pamene a Elon Musk anagula Twitter mu October 2022, anthu ambirimbiri anasamukira kumeneko. Anapeza eni mudzi, ambiri a iwo a kumanzere, ndiwo amene akhulupirira kuti chuma ndi zipangizo zikhale m'manja mwa anthu onse, osati mwa makampani. Pakati pa alendowo panali ma liberal ochuluka, amene amati ufulu wa munthu ali yense ukhale patsogolo, ndipo makampani angowongoleredwa ndi malamulo. Pa za Gab mu 2019 panalibe bvuto lalikuru: maseva ochuluka anaitsekera kunja chifukwa cha mau a chidani.

Moto unabuka mu 2023, pamene Meta, mwini wa Facebook, anatsegula Threads nanena kuti idzalumikizana ndi Mastodon. M'masiku 5 okha inalemba anthu 100 miliyoni, pamene Mastodon pa nthawi ya msamuko ija inafika ngati 2.5 miliyoni pa mwezi. Oyang'anira maseva ambiri anasaina pangano lochedwa Fedipact, kulonjeza kuti adzaitsekera njira. Iwo anakumbutsa za Cambridge Analytica mu 2018, pamene kunadziwika kuti zinsinsi za anthu mamiliyoni a pa Facebook zinatengedwa iwo osadziwa. Anakumbutsanso kuti mu 2013 Google anasiya kulumikizana ndi maseva ena a XMPP anthu atazolowera kale. Koma a Rochko ndi ena analandira Threads. Maganizo ao anali akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo njira yotseguka ingathandize anthu kuchoka ku makampaniwo osataya abwenzi.

Abale, onse awiri ali ndi mfundo. Ngakhale ziri tero, tifunse: wobvutika ndani? Woyang'anira seva akatseka njira usiku, mai wamba adzuka m'mawa napeza kuti sangamvenso za mlongo wache wa ku seva inayo, chonsecho sanafunsidwe. Akhoza kusamuka ndi omtsata ache, inde, koma zimene analemba zitsala komweko. Komanso Mastodon imalola munthu ali yense kudzitsekera yekha seva imene saifuna, popanda kutsekera anzache.

Chifukwa chache ife tikuti: wa kumanzere asayese mnzache wogulidwa chifukwa wafuna njira yotseguka, ndipo liberal asaseke wokumbukira mabala akale. Mlandu waukuru wotere uzengedwe poyera, eni ache onse alipo, chigamulo chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zache, ndipo wosabvomera apatsidwe nthawi yomanga katundu. Mutu umodzi susenza denga.