Za Nyumba ya Maliro Imene Inasamala Amoyo

Mau olankhulidwa m'kachisi madzulo a tsiku loyamba la Jubili ya mishoni yathu



M'mawa muja tinamva maina a iwo amene anayamba nchito ya Mulungu pa malo ano, ndipo pamene mainawo anali kuwerengedwa tinakumbukira kuti ambiri a eni ache ali chigonere kuseri kwa kachisiyu, pansi pa mitengo ija. Chifukwa chache musadabwe kuti pa tsiku la chimwemwe akuru atituma ife kulankhula za maliro. Belu limene lakuitanani ku chikondwerero ndi lomwe lija limalira pamene wina watisiya. Ndipo mpingo umene uwerenga zaka zache uyenera kudzifunsa umo waikira akufa ache, ndi umo wasamalira otsala.

Mudziwa inu nomwe mwambo umene tinaupeza. Munthu akamwalira, mudzi wonse unali kusiya makasu. Adzukulu anali kukumba manda, amai anali kudza ndi ufa m'malichero ndi mitolo ya nkhuni, amuna anali kugona panja pa moto, ndipo mtembo unali kukulungidwa m'mphasa, kapena kuikidwa m'bokosi limene mmisiri anakhoma usiku ndi matabwa amene analipo. Zambiri za izi zikalipo, ndipo tiyamika Mulungu. Koma tsopano anthu athu ambiri amwalirira ku chipatala chakutali kapena ku tauni, ndipo pafunika galimoto, pafunika bokosi logula, pafunika chakudya cha khamu la anthu. Taona mai wamasiye ali kugulitsa mbuzi yache yotsiriza. Taona ena ali kufuna ndalama za katapila mtembo uli m'nyumba, ndipo maliro atatha ngongole inatsala nikhala nao kufikira masika awiri. M'mizinda mwabukanso anthu amene nchito yao ndiyo kuika maliro molipidwa, ndipo ena a ife tiwayang'ana ndi diso loipa, tinena kuti adyera pa imfa ya anzao. Kaamba ka ichi tifuna kukusimbirani mbiri ya banja lina la kutsidya kwa nyanja, limene linagwira nchito yomweyo, kuti tiweruze bwino.

Arthur George Gaston anabadwa pa 4 July 1892 ku Demopolis, m'chigawo cha Alabama ku America. Anali munthu wakuda, mdzukulu wa anthu amene anakhalapo akapolo. Atate wache anamwalira iye ali wakhanda, ndipo amache anali kuphikira banja lina lolemera la Azungu mu mzinda wa Birmingham. Atakula anapita ku France monga msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pobwera analowa nchito pa kampani yaikuru ya malasha ndi zitsulo, dzina lache Tennessee Coal, Iron and Railroad Company. Pamenepo anayamba kugulitsa kwa anchito anzache chakudya chimene amache anaphika, ndi kuwakongoza ndalama pa chiwongoladzanja cha masenti 25 pa dola imodzi. Ichi sitichiyamika, pakuti ndi katapila yemweyo amene tamdandaula. Koma tichinena kuti mudziwe kuti sitiri kukusimbirani za mngelo, koma za munthu wokonda malonda.

M'midzi ya anchito imeneyo munthu wakuda akamwalira, abale ache anali kuyenda khomo ndi khomo kupempha tindalama ta maliro, ndi m'kachisi momwe mbale inali kuyenda. Gaston anaona manyazi a opemphawo, naonanso kuti zopereka za mwadzidzidzi sizikwana. Tsono m'chaka cha 1923 anayamba gulu la maliro, nalipatsa dzina la Booker T. Washington, mphunzitsi womveka wa anthu akuda. Pangano lache linali lapafupi: banja liri lonse lipereke tindalama tochepa sabata ndi sabata anthu ali moyo, ndipo imfa ikafika gulu lidzaika malirowo mwaulemu, wopanda kupempha kwa munthu. Monga anasimba iye mwini atakalamba, gululo lisanakhwime mmodzi wa olembedwa anamwalira, ndipo za m'thumba sizinakwane. Apa ndi pamene magulu ambiri otere afera. Koma iye sanathawe. Anasenza ngongoleyo, naika malirowo monga anapangana, ndipo anthu ataona kuti mau ache aima, analembetsa ambiri.

Nchitoyo sanaigwire yekha. Anaphatikana ndi mpongozi wache, A. L. Smith, atate wa mkazi wache woyamba Creola, ndipo awiriwo anatsegula nyumba yoika maliro imene inadziwika ndi dzina lakuti Smith and Gaston. M'chaka cha 1932, nthawi imene malonda anagwa m'dziko lonse ndipo anthu ambiri anasowa nchito, gulu lija linalembedwa monga kampani ya inshuwaransi. Pambuyo pache anagulanso malo a manda, ndi kusamutsira nyumba ya maliro pakati pa Birmingham, m'mphepete mwa bwalo la Kelly Ingram Park.

Pano tiyenera kuima pang'ono, kuti timvetse chifukwa chimene woika maliro anali munthu wamphamvu pakati pa anthu akuda a dziko lija. M'zaka zimenezo malamulo a Alabama analekanitsa akuda ndi Azungu m'sukulu, m'basi, m'nyumba zodyera, kufikira pa mpopi wa madzi akumwa. Ndi kumanda komwe sanagone pamodzi. Wakuda wolembedwa nchito ndi Mzungu akatsegula pakamwa kudandaula, mawa lache nchito yatha. Koma woika maliro, monganso mbusa, anali kudya za anthu a mtundu wache okha. Panalibe bwana womchotsa. Anali ndi galimoto pamene ena analibe, ndipo m'midzi yambiri ya ku America galimoto ya nyumba ya maliro ndiyo inali kuthamangira ndi odwala ku chipatala. Anadziwa khomo liri lonse, pakuti palibe khomo limene imfa ililambalala. Mphamvu yotere munthu akhoza kuigwiritsa nchito kufinya ofedwa, pakuti wolira sadziwa kutsutsa mtengo. Akhozanso kuibwezera kwa eni ache. Funso lathu ndi ili: kodi masenti a akufa aja anapita kuti?

Anapita choyamba ku sukulu. Pofuna alembi a m'ofesi yache, Gaston anapeza kuti ana akuda odziwa kutaipa ndi kusunga mabuku a ndalama ali owerengeka, popeza panalibe wowaphunzitsa. M'chaka cha 1939 anatsegula Booker T. Washington Business College, ndipo Minnie Gardner, amene anadzakhala mkazi wache Creola atamwalira, anaiyendetsa zaka zambiri; ophunzira ache anapeza nchito m'maofesi ambiri, si mwa Gaston mokha ai. Inu aphunzitsi mudzakondwera kumva kuti banjali linalipiranso mpikisano wa kalembedwe ka mau pakati pa ana akuda a sukulu za m'Alabama. M'chaka cha 1954 anatsegula nyumba ya alendo, A. G. Gaston Motel, chifukwa mlendo wakuda analibe pogona paulemu mu mzindamo. M'chaka cha 1957 anayamba banki yosungira ndi kukongoza, Citizens Federal Savings and Loan Association, kuti mabanja ndi mipingo ya anthu akuda apeze ngongole yomangira, imene mabanki ena anali kuwamana. Iye mwini anali wa mpingo wa African Methodist Episcopal, womwe uja umene Mbusa Hanock Msokera Phiri anafika nao ku Kasungu m'chaka cha 1924; tsono sali mlendo kwenikweni kwa ife.

Yesero lalikuru linadza m'chaka cha 1963, pamene Mbusa Martin Luther King anafika ku Birmingham kudzatsogolera anthu pokana malamulo a tsankho. King ndi anzache anagona m'nyumba ya alendo ya Gaston, ndipo upo wao anaupangira m'chipinda cha nambala 30. Koma musaganize kuti awiriwa anamvana m'zonse. Gaston anali munthu wa zaka 70, wozolowera kukambirana ndi akuru a mzinda mwakachetechete. Anachititsapo banki ina yaikuru kuchotsa zikwangwani za tsankho pa mipopi ya madzi, pongowauza kuti akapanda kutero achotsa ndalama zache. Kuguba m'miseu sanakukonde, ndipo makamaka anatsutsa kuti ana a sukulu aikidwe patsogolo. Anyamata ena anamnena kuti ali wamantha, woopa kutaya chuma chache. Ife amene tiri ndi ana sitifulumira kumweruza pa ichi.

M'mwezi wa May apolisi a Bull Connor anamasulira anawo agaru, ndi kuwathira madzi amphamvu a mipopi yozimira moto, pa bwalo lomwe lija la Kelly Ingram Park. David Vann, loya wachizungu amene anadzakhala meya wa mzindawo, anasimba kuti anali kulankhula ndi Gaston pa telefoni nthawi yomweyo, ndipo Gaston, ali kuyang'ana pa zenera la ofesi yache, anaona kamtsikana kali kukunkhunizidwa mu mseu ndi madziwo, ndipo sanathenso kupitiriza kulankhula. Pamene King ndi Mbusa Ralph Abernathy anatsekeredwa m'ndende, ndiye analipira madola 5,000 kuti aturuke, ngakhale ena a gulu lao sanakondwere nazo. Usiku wa pa 11 May bomba linaphulika pa nyumba yache ya alendo, ndipo m'mwezi wa September adani anaponya moto pa nyumba yache yogona. Mwezi womwewo, pa 15 September, bomba linapha atsikana anai m'kachisi wa Sixteenth Street Baptist, pafupi pomwepo. Nkhalambayo sinasamuke mu mzindamo. M'chaka cha 1966 inayamba gulu losamala anyamata, A. G. Gaston Boys Club. M'chaka cha 1987 inagulitsa kampani ya inshuwaransi ija kwa anchito ache omwe, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene ikadapeza kwa ena. Anamwalira pa 19 January 1996, ali ndi zaka 103, ndipo m'chaka cha 2017 boma la America linaika nyumba ya alendo ija pakati pa malo osungidwa a chikumbutso.

Abale, sitinena kuti aliyense woika maliro ali wotere, kapena kuti Gaston sanalemere. Analemera ndithu, ndipo chuma chache chinayamba ndi masenti a osauka. Koma tikumbuke kuti amene anapempha mtembo wa Ambuye wathu kwa Pilato, nauika m'manda ache atsopano, anali Yosefe wa ku Arimateya, munthu wachuma, pa tsiku limene ophunzira ambiri anabisala. Nchito ya kuika akufa siidetsa munthu. Chimene tiyenera kufunsa kwa iwo amene atigulitsa mabokosi ndi kutinyamulira mitembo ndi ichi: kodi auza wofedwa mtengo woona? Kodi amkakamiza bokosi lonyezimira pamene ana ache alibe za sukulu? Kodi aoneka pakati pathu tsiku la maliro lokha?

Ndipo tidzifunsenso tokha. Nzeru ya kusonkha imfa isanafike si ya ku America yokha. Makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku nchito za ku Harare anali ndi magulu ao a maliro, nasonkha mwezi ndi mwezi, poopa kuti mnzao angaikidwe ngati wopanda kwao. Chimene iwo anachita ali ku chilendo, ife tikanika bwanji tiri pa mudzi? Akuru a mpingo alingalira kuti tiyambe thumba la maliro pa mishoni pano ndi m'masukulu a m'midzi. Tidziwa mantha anu, pakuti matumba ena anatha osadziwika kumene anapita, ndipo amene anasonkha anachita manyazi kufunsa. Chifukwa chache tipempha kuti thumbali likayamba, buku lache liziwerengedwa poyera pamaso pa mpingo, osunga akhale oposa mmodzi, ndipo zotsala pakutha pa chaka zisagone m'bokosi, koma zilipirire sukulu ana a iwo amene tinawaika. Tichenjezanso kuti munthu asadzanene mumtima mwache, ndinasonkha kale, tsono ku siwa sindipita. Ndalama sizikumba manda, ndipo sizikhala pa mphasa pambali pa wamasiye kufikira tambala alira.

Inu akatekisti, tikupemphani kuti pobwerera mukafotokoze mau awa m'midzi yanu, ndipo mukawerenge mabanja amene afuna kulembedwa, ndi amasiye amene sangathe kusonkha, kuti mpingo udziwe owanyamula. Mudze nacho chiwerengerocho ku bwalo la akuru likudzali. Mawa m'mamawa, mapemphero a Jubili asanayambe, tikomane tonse kuseri kwa kachisi ndi makasu ndi zikwakwa. Manda ena a aphunzitsi oyamba amera thengo, ndipo alipo amene mitanda yao inagwa. Amene mukumbukira malo amene agona, mulawire kudzatilozera.