Ticenjere ndi Ana a Nthoci Amene Tipatsana

Cilala cikapita, monga ca 1992 ndi ca 2024, timapemphana ana a nthoci kuti tibzalenso m'madimba. Kupatsana nkwabwino, koma pamodzi ndi mbeu tingapatsanenso mdani.

Mdaniyo ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, tochedwa Radopholus similis. Timaboola mizu ndi kudya m'kati mwake. Muzu wabwino tikaung'amba uli woyera, koma wodwala uli ndi mabala ofiira amene pambuyo pake ada. Mizu yoola siikoka madzi. Cifukwa cake nthoci ifota msanga dzuwa likakula, mkoko ucepa, ndipo mphepo ikaomba mtengo uzuka ndi citsa comwe.

Patokha tinyongolotsi timeneti sitifika patali. Ndife anthu amene titinyamula m'mizu ndi m'dothi la ana a nthoci. Tsono ticite izi:

1. Titenge ana pa nthoci zolimba zokha.
2. Tidule mizu yonse, ndipo tisende citsa ndi mpeni kufikira ciyere. Zosendazo titenthe.
3. Tiviike citsaco m'madzi owira masekondi 30 okha. Tikapitirira tidzapha mbeu.
4. Tibzale pamalo pamene papita caka cathunthu popanda nthoci. Pamalo akale tizule zitsa zonse ndi kuikapo cinangwa.
5. Tithire manyowa, tiphimbe nthaka ndi udzu, ndipo mtengo wolemedwa tiucirikize ndi mphanda.

Mbeu imene tipatsa mnzathu tiyambe taisenda ndi kuiviika ife eni, kuti dimba lake lisaonongeke cifukwa ca mphatso yathu.