Kukongoletsa Keke Yopanga Tokha

 Ife amene taimirira pano ndife kagulu kaja kamene mumakatuma kukhitchini pakakhala chisangalalo. Tapemphedwa kuti tinenepo mawu pang'ono pa nkhani ya kukongoletsa keke ya tsiku lokumbukira kubadwa, ndiponso ya maphwando aja a bridal shower ndi baby shower. Sitinapite kusukulu ya zophikaphika ayi. Zimene tinene pano tinaziphunzira ndi manja athu, zina mwa izo ndi misozi yomwe.

Tiyambe ndi kuulula manyazi athu. Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, mnzathu wina anatipempha kuti timupangire keke ya mwana wake wamkazi amene anali pafupi kulowa m'banja. Tinaphika m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo poona kuti nthawi yatha tinapaka aisingi keke isanazizire bwino. Tinalemba dzina la mkwatibwi, n'kuika timaluwa m'mbali, wina mwa ife n'kuinyamula pamiyendo m'minibasi. Pofika kumalo a phwando, dzina lija linali litatsetsereka, timaluwa tonse tili m'katoni. Mayi wa mwanayo sanatikalipire, koma anathamanga kukakongola ndalama nakagula keke ina m'tauni, ndipo ngongoleyo inamutengera miyezi kuti abweze. Kuyambira tsiku limenelo tinadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu athu onse a lero agona pamenepo: keke imakongola ndi kudekha, ndipo mayi wodekha safunika kulowa m'ngongole kuti akondweretse mwana wake.

Mwambo wa keke unachokera kutali. Ku Germany, m'chaka cha 1746, pa phwando la kubadwa kwa Zinzendorf, mtsogoleri wa mpingo wa Moravian, panali keke yaikulu yokhala ndi makandulo ofanana ndi zaka zake. Ku England, pamene Mfumukazi Victoria inkakwatiwa ndi Albert m'chaka cha 1840, keke yake inakutidwa ndi aisingi woyera, ndipo mtundu wolimba wa aisingi woyerayo umatchedwa royal icing mpaka lero. M'chaka cha 1843 Alfred Bird wa ku Birmingham anapanga baking powder chifukwa mkazi wake yisiti sinkamuyanja, ndipo ndi ufa umenewu umene umatupitsa makeke athu. Bridal shower inafala ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ife kuno tinali kale ndi chilangizo cha namwali wokwatiwa, tinalinso ndi mwambo wokaona mwana akatuluka m'chikuta titanyamula kangachepe. Keke yangobwera kudzakhala pambali pa zimenezi monga mlendo. Mlendo timamulandira ndi ulemu, koma sitigulitsa mbuzi zonse za m'khola chifukwa cha iye.

Choyamba, amayi, tisamale keke yeniyeniyo. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Keke yopsa pansi kapena yaiwisi pakati, ngakhale muivale maluwa otani, anthu adzaisiya m'mbale. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi uwu: mazira 4, majarini magalamu 225, shuga magalamu 225, ufa wa tirigu magalamu 225, ndi masupuni aang'ono 2 a baking powder. Ngati mulibe sikelo, tengani kapu imodzi ya majarini, kapu imodzi ya shuga, ndi makapu awiri osadzaza kwenikweni a ufa. Takasani majarini ndi shuga kufikira zitayera ndi kupepuka, kenaka thirani mazira limodzilimodzi, ndipo pomaliza sefani ufa n'kuusakaniza mofatsa. Gawani m'mabeseni awiri ophikira a masentimita 20. Mu uvuni wotentha madigiri 180 zimapsa pa mphindi 20 kapena 25.

Ambiri a ife tilibe uvuni, koma zimenezi zisatifooketse. Tengani poto wamkulu, thirani mchenga woyera pansi pake, muutenthetse pambaula, kenaka khazikani beseni la keke pamchengapo n'kuvundikira. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivundikiro, ochepa pansi. Musavundukule kawirikawiri, chifukwa mphepo yozizira ikalowa keke imafwafwala pakati. Kuti mudziwe ngati yapsa, lowetsani mpeni woonda pakati. Ukatuluka wouma, basi yapsa.

Chachiwiri ndi kuziziritsa, ndipo apa ndi pamene ife tinagwa. Isiyeni keke m'beseni kwa mphindi 10, kenaka itulutseni, ikhale poyera maola awiri kapena kuposerapo. Chabwino koposa ndi kuphika lero, n'kukongoletsa mawa. Keke yogona siyoyoka pogwira. Ngati yatukumuka pamwamba, dulani kaphiri kameneko ndi mpeni wa buledi, ndipo muitembenuze kuti mbali ya pansi, imene ili yosalala, ikhale pamwamba. Zodulazo apatseni ana amene akhala akusuzumira pakhomo.

Chachitatu ndi kusankha aisingi. Shuga wathu, wochokera ku nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi wabwino pophika, koma popaka pamafunika shuga wa aisingi, uja wosalala ngati ufa woyera. Akasowa, mukhoza kusinja shuga wamba mumtondo woyera wosanunkha nsinjiro, n'kumusefa pa kansalu kopyapyala, ngakhale kuti sasalala ngati wogula. Nthawi zonse sefani shuga wa aisingi musanamugwiritse ntchito, chifukwa kachibuma kamodzi kokha kamatseka polembera.

Mitundu imene timaidziwa ndi itatu. Woyamba ndi wa majarini kapena batala: muyeso umodzi wa majarini, miyeso iwiri ya shuga wa aisingi polemera kwake, monga magalamu 125 ndi magalamu 250, ndi supuni imodzi ya mkaka. Ndi wokoma, ndiponso ndi wosavuta kukonza mukalakwitsa. Koma batala amayamba kusungunuka kutentha kukapitirira pang'ono madigiri 30, ndipo inu a ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti m'chilimwe dzuwa limaposa pamenepo. Wachiwiri ndi wa madzi: kapu imodzi ya shuga wa aisingi ndi supuni yaikulu imodzi ya madzi ofunda kapena madzi a ndimu. Ameneyu ndi wotsika mtengo, amauma yekha, ndipo kutentha sikumuvuta kwambiri. Wachitatu ndi royal icing uja: choyera cha dzira limodzi, shuga wa aisingi magalamu 250, ndi timadontho ta ndimu. Amalimba gwa, ndipo amalemba bwino koposa onse.

Pa wachitatuyu tikuchenjezeni. Dzira laliwisi nthawi zina limakhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella, timene timayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi. Amene tizilomboti timawapweteka kwambiri ndi amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi odwala. Tsono taganizani, mwini phwando la baby shower ndani? Ndi mayi woyembekezera. Nanga odya keke ya tsiku la kubadwa ndani? Ndi ana. Chifukwa chake ife pa maphwando awiriwa tinaleka kugwiritsa ntchito dzira laliwisi. Timapaka wa majarini kukazizira, wa madzi kukatentha.

Chachinayi ndi kapakidwe. Ngati ndi aisingi wa majarini, musathire yense nthawi imodzi. Yambani ndi kupaka wochepa kwambiri keke yonse, kuti nyenyeswa zimatirire. Ikani keke m'firiji kwa theka la ola, kapena pamalo ozizira m'nyumba kufikira atagwira, kenaka pakani wachiwiri wochindikala. Posalaza, viikani mpeni m'madzi otentha, muupukute, n'kuuyendetsa mbali imodzi. Ngati sizikusalala, musadandaule. Tengani foloko mujambule mizere, kapena kumbuyo kwa supuni mupange timafunde, ndipo anthu adzayesa kuti munachitira dala.

Kunena za mitundu, thirani dontho limodzilimodzi ndi kamtengo ka machesi, chifukwa mtundu umanka nuda pakapita nthawi. Mitundu iwiri ndi yokwanira pa keke imodzi. Koko amapereka mtundu wa khofi, madzi a chidede kapena a bitiruti amapereka wofiirira, ndipo makoko a ndimu opalidwa bwino amapereka chikasu ndi fungo lokoma. Utoto wonyikira nsalu usayandikire chakudya. Maluwa a kumpanda nawonso tisamangotchola, pakuti ena, monga oleander, ali ndi poizoni. Mtedza wokazinga wosinja pang'ono umabisa zolakwika za m'mbali mwa keke, koma sankhani wabwino wopanda chuku, ndipo funsani ngati pali mwana amene mtedza sumuyanja. Zipatso monga mastroberi a ku Zomba, mango kapena chinanazi ziikeni nthawi yodya itayandikira, chifukwa madzi ake amasungunula aisingi.

Polemba dzina simufunika zipangizo za m'sitolo. Pindani pepala lophikira ngati kandodo ka mtedza wogulitsa, kapena tengani kajumbo katsopano koyera, thirani aisingi pang'ono, n'kudula kansonga kakang'ono. Yesani kaye pambale. Kenaka lembani dzinalo pakeke ndi nsonga ya kamtengo, muwerenge zilembo, muyambire chapakati kuti mbali zifanane, ndipo mutsatire mizereyo. Funsani mwiniwake kalembedwe ka dzina. Tinaonapo mwana akulira pa tsiku lake chifukwa chilembo chimodzi chinasowa. Amene dzanja limanjenjemera adule kapepala ngati mtima kapena nambala ya zaka, akaike pakeke, asefere shuga wa aisingi pamwamba, n'kukachotsa mosamala.

Chachisanu ndi ulendo. Pakani aisingi pang'ono pathabwa kapena pathireyi musanakhazike keke, kuti isaterereke. M'galimoto ikani katoni pansi posalala, osati pamiyendo, ndipo dzuwa lisaiombe. Nyamulani aisingi wotsala ndi mpeni kuti mukakonze pofika. Usiku khazikani mbale ya keke pamwamba pa chitini chimene chili m'beseni la madzi, nyerere zisafikepo.

Pomaliza, amayi anzathu, tiyeni tiganizire za mpikisano umene walowa pakati pathu. Wina akaona pa foni keke ya nsanjika zitatu ya mwana wa mnzake, tulo timamuthawa, ndipo ndalama ya feteleza kapena ya sukulu imathera pa chinthu chodyedwa m'mphindi khumi. Mwana wa zaka zisanu sawerenga nsanjika. Chimene amakumbukira n'chakuti amayi ake anamulola kunyambita supuni, ndi kuti dzina lake linalembedwa pamwamba. Mkwatibwi naye akaona azakhali ake ndi anzawo a amayi ake atachezera usiku kumupangira keke, amadziwa kuti kumene akupita sakupita yekha.

Mutu umodzi susenza denga. Wina ali ndi uvuni, wina mabeseni, wina sikelo, wina dzanja lolemba bwino. Tibwerekane, tiphunzitsane, ndipo tiitane atsikana ndi anyamata athu aime pafupi pamene tikugwira ntchitoyi. Mnzathu uja amene tinamuchititsa manyazi anadzatipemphanso keke pamene mdzukulu wake woyamba anakwanitsa chaka chimodzi. Tinaphika Lachisanu, tinakongoletsa Loweruka m'mamawa, ndipo inafika yonse bwinobwino, dzina lili pamalo pake.