NJANJI YA KU CHIPATA NDI MSONKHO WATHU

Mau amene analankhulidwa kwa anchito a m'komboni pa Boma la Lundazi

Tabwera ndi nkhani ya sitima, ngakhale tidziwa kuti kuno ku Lundazi kulibe mwana amene anadzutsidwapo ndi kulira kwa sitima. Njanji yapafupi ndi ife ili ku Chipata, mtunda wa makilomita ngati 180. Koma msonkho womangira njanji tipereka tonse, wogulitsa m'sitolo, womanga nyumba, ngakhale mai wogula sopo. Cifukwa cace nkhaniyi ndi yathu.

Tiyambe ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Azungu pamene anakoka njanji kucokera kumwera, nafika nayo mu 1906 ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anaika mpata wa mapazi atatu ndi theka, ndiwo mamilimita 1,067. Sanaimangire ife ai, anafuna miyala ya pansi. Koma mpata womwewo uli ku Zimbabwe, ku South Africa, ku Malawi ndi ku Mozambique. Tero ngolo yopakidwa ku Ndola ikhoza kufika ku doko la Durban osatsitsa thumba ngakhale limodzi.

Ena a ife tinali akalaliki ku migodi, tikumalemba matani a katundu m'mabuku. Tinaona ndi maso kuti katundu akatsitsidwa ndi kukwezedwanso, pali wina alipira. Matumba ang'ambika, ngolo ziima masiku, alonda afuna malipiro ao. Ndalama imeneyo sicoka m'thumba la bwana. Itsika pang'ono pang'ono kufikira igwere mlimi wa thonje kwa Mwase kapena kwa Magodi, amene auzidwa pa msika kuti mtengo wagwa caka cino, ndi inu ogula fetereza wokwera mtengo.

A Kaunda ndi a Nyerere anacidziwa cimeneci. Smith atalanda ulamuliro ku Rhodesia mu 1965, mkuwa wathu unasowa njira yabwino ya kunyanja. Maiko a Azungu anakana kupereka ndalama, nati njanjiyo sidzabweza phindu. China ndiye anatikongoza popanda ciongoladzanja, ndipo TAZARA inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975, makilomita 1,860, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Tsono tamverani apa. Njanji zakale za ku Tanzania, zimene anayamba Majeremani, zili ndi mpata wa mamilimita 1,000. A Nyerere analola kuti TAZARA itenge mpata wathu, wosiyana ndi wa m'dziko lao, kuti ngolo za ku migodi zipite osaima. Mtengo wace ndi wakuti pa Kidatu, pamene njanji ziwirizo zikumana, katundu ayenera kusamutsidwa.

Tibwere kwathu kuno kum'mawa. Njanji ya pakati pa Mchinji ndi Chipata ndi yaifupi, yosafika makilomita 30. Inayambika mu 1982 ndipo inatsegulidwa mu 2010. Zaka 28! Mwana wobadwa tsiku limene anakumba dothi loyamba anali ndi ana ace pa tsiku lotsegula. Mpata wace unali wabwino, wofanana ndi wa ku Malawi, kotero ngolo ikhoza kupyola Lilongwe ndi Salima kufikira ku doko la Nacala. Cimene cinasowa ndi ndalama. Boma linali kupereka pang'ono, nkuleka, udzu nkumera. Ndipo ngakhale atatsegula, panapitanso zaka sitima za katundu zisanayambe kuyenda. Njanjiyo ithera pa Chipata pomwepo, yosakumana ndi njanji ina iliyonse ya m'Zambia.

Mu 2016 tinamva kuti Boma lapangana ndi kampani ya ku China kumanga njanji yocoka ku Chipata kupyola Petauke kukakumana ndi TAZARA ku Serenje, pa mtengo wopitirira madola mabiliyoni awiri. Tinakondwa. Koma mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira ciongoladzanja ca ngongole ya Eurobond, ndipo inu mudziwa cimene cinacitika ndi mtengo wa mafuta ophikira ndi ufa m'zaka zimenezo.

Tsopano kwabuka njanji yamakono ya mpata waukuru, mamilimita 1,435. Kenya anatsegula yace mu 2017, ya Mombasa ndi Nairobi, ndi ngongole ya ku China. Pofika 2019 inaima pafupi ndi Naivasha, kutali ndi malire a Uganda kumene inalinga. Tanzania anayamba kuyendetsa sitima za magetsi pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Nzokongola ndithu, ndipo zithamanga. Sitinena kuti nzoipa. Koma ngolo ya mpata waukuru singaponde pa njanji ya Mchinji, kapena ya Serenje. Wina akabwera kuno ndi zithunzi za sitima yonyezimira, nati adzatimangira yotere, dziwani kuti pa malire padzafunika kutsitsa ndi kukweza, ndipo tanena kale amene alipira.

Ife tiganiza kuti Boma liyambe lakonza njanji imene ilipo, ndi mseu wathu wa ku Chipata umene udya matayala a malole, kuti nshawa, soya ndi thonje la ku Lundazi zifike pa sitesheni motsika mtengo. Ikadzamangidwa ya ku Serenje, ikhale ya mpata umodzi ndi za anansi athu.

Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo akadzabwera pa msonkhano, musangoomba m'manja. Imirirani mwaulemu, muwafunse kuti njanji imene alonjezayo idzakhala ya mamilimita angati, ngongole yace ndi zingati, ndipo tidzaibweza zaka zingati. Mmodzi wa inu abwere ndi pensulo, alembe yankho lao ndi tsiku lace.