Khanda m'Chikuta: Masiku 28 Oyamba

 

Kwathu kuno, mwana akabadwa, mayi ndi khanda lake amabindikira m'nyumba kufikira mchombo utagwa. Ndicho chikuta. Alendo saloŵamo mwachisawawa, mayi sagwira khasu kapena munsi, ndipo ntchembere zimasinthana kumphikira ndi kumtungira madzi. Makolo athu sadaphunzire za tizilombo toyambitsa matenda, koma adaona ndi maso awo kuti khanda n'lanthete, ndipo adalitchinjiriza monga mlimi wa fodya atchinjirizira mbande pa nazale. Mmera mpoyamba. Choncho sindidabwere kudzanyoza chikuta. Ndadza ndi mawu amodzi okha: chikuta n'chabwino pamene khanda lili bwino, koma likadwala, chitseko chitseguke tsiku lomwelo, kaya mchombo wagwa kaya sunagwe.

Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaimale cha ku Nsaru, ndipo mlongo wanga adachembezera mwana wake woyamba ndili komweko. Unali mwezi wa Julayi, nyengo imene mame a m'dambo amaluma zala. Adabereka bwino kuchipatala, nabwerera kumudzi tsiku lachiŵiri. Pa tsiku lachisanu, madzulo, khanda lija lidaleka kuyamwa. Silidalire. Lidangogona zii, ndipo ena adaliyamikira kuti n'lofatsa. Mlamu wanga adafuna kumanga ngolo usiku womwewo, koma pokhala mkamwini, mawu ake sadapite patali. Amayi adati, "Mwana satuluka mchombo usanagwe. Tidikire kuche." Amene adatiwombola ndi atsibweni athu, eni mbumba. Adagwira phazi la khandalo, napeza lili lozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo adati, "Achemwali, mwambo tidzakonza pobwera. Mangani ng'ombe." Anamwino adati magazi a mwanayo adaloŵa tizilombo kudzera pamchombo, ndipo adakhala masiku angapo akulandira jakisoni. Lero mwana uja akupita kusukulu. Koma nthaŵi zonse ndikamuona ndimakumbukira kuti padatsala pang'ono kuti tidikire kuche.

Nkhani yotere si ya banja lathu lokha. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malaŵi, 27 ankamwalira asanakwanitse mwezi umodzi. Adapezanso kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Tamvetsani bwino pamenepa. Kubereka kudasamukira kuchipatala, koma masiku otsatira akadali m'manja mwathu kumudzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa makanda anayi amene amamwalira m'mwezi woyamba, pafupifupi atatu amamwalira m'sabata loyamba. Sabata limenelo ndilo la chikuta.

Nanga khanda limafunanji m'masiku ameneŵa? Choyamba ndi kufunda. Thupi la khanda silinadziŵe kusunga kutentha monga la munthu wamkulu, ndipo mutu wake, pokhala waukulu poyerekeza ndi thupi, umataya kutentha msanga. Likangobadwa lipukutidwe, liikidwe pachifuŵa cha mayi ake khungu ndi khungu, ndipo onse aŵiri afundidwe. Lisasambitsidwe kufikira patapita maola 24. Zoyera zonga mafuta zimene limabadwa nazo pakhungu si litsiro ayi, zimateteza khungu. Posambitsa m'masiku otsatira, madzi akhale ofunda, m'nyumba mopanda mphepo, dzuŵa litakwera, ndipo ntchitoyo ithe msanga. Kachipeŵa kamutu ndi theŵera louma zimaposa bulangete lalikulu lofunda pamwamba pa nsalu yonyoŵa. Koma chenjerani ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka: mpweya wake sununkha, koma umapha. Utsi wa nkhuni, wa ndudu, ndi fumbi la fodya wosankhidwa pakhonde, zonsezi zimavulaza chifuŵa cha khanda. Pogona, ligonekedwe chagada, nkhope yosaphimbidwa, m'kati mwa neti yoteteza ku udzudzu.

Chachiŵiri ndi bere. Khanda liyambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wolemera, ena amaufinyira pansi poyesa kuti ngwoipa. Umenewo ndiwo wa mtengo wapatali, chifukwa muli chitetezo chimene thupi la mayi lidakonzera mwana wake. Ngwochepa, inde, koma mimba ya khanda la tsiku limodzi njochepanso. Liyamwe usana ndi usiku, kosachepera kasanu ndi katatu pa tsiku, ndipo likagona nthaŵi yaitali lidzutsidwe. Poyamwa litsegule kukamwa kwambiri, limeze mbali yaikulu ya pakuda pa bere, osati nsonga yokha, pakuti kuyamwa nsonga ndiko kumang'amba maŵere ndi kusiya mwana ndi njala. Mukaona kuti likukodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposerapo pa tsiku mkaka utabwera, dziŵani kuti likukhuta. Kwa miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha n'lokwanira. Madzi ayi, phala ayi, madzi a mizu ayi, ngakhale m'mwezi wa Okotobala dzuŵa likuswa mtengo. Mkaka wa m'maŵere uli ndi madzi okwana, pamene madzi a pachitsime angathe kubweretsa kutsekula m'mimba. Ntchito ya apabanja ndiyo kudyetsa mayi: nsima, nyemba, ndiwo zamasamba zotendera, mazira, thobwa, ndi kumpatsa mpata wopuma.

Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ayamwitsenso chimodzimodzi. Kuyambira mu 2011 dziko lathu lidayamba kupereka mankhwala a ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka, ndipo maiko ena adatengera njira imeneyi kwa ife. Mayi amwe mankhwala ake osadumphitsa, amwetse khanda mankhwala amadzi amene wapatsidwa, ndipo pa masabata asanu ndi limodzi mwanayo akayezedwe magazi.

Chachitatu ndi mchombo, ndipo apa ndipo tiyenera kudekha. Mchombo ndi bala losapola, khomo lolunjika m'magazi a mwana. Chilichonse chimene chapakidwapo chingathe kuloŵa m'thupi. Phulusa, mwaye, dothi, ndowe, mafuta ophikira, madzi a masamba, zonsezi ena amapaka kuti mchombo ugwe msanga. Ndikudziŵa chifukwa chake: aliyense amafuna kuti mayi atuluke m'chikuta ayambe ntchito. Koma mchombo sufuna kufulumizitsa. Umauma wokha ndi kugwa, kaŵirikaŵiri pakati pa masiku 5 ndi 15. M'dothi ndi m'ndowe ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata, nthenda imene imaumitsa nsagwada za khanda kuti lilephere kuyamwa. Mchombo ukhale wouma, theŵera limangidwe m'munsi mwake, ndipo aliyense wofuna kunyamula mwana ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Ngati anamwino akupatsani mankhwala otchedwa chlorhexidine, pakani pamchombo pokha monga akulangizirani, ndipo asayandikire m'maso.

Pali makanda ena ofuna chisamaliro choposa: obadwa masiku asanakwane, ndi olemera mosafika makilogalamu aŵiri ndi theka. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 lidasonyeza kuti m'Malaŵi ana 18 mwa 100 ankabadwa masiku asanakwane, chiŵerengero choposa cha dziko lina lililonse panthaŵiyo. Kale mwana wotere ankayesedwa wongodutsa. Lero pali njira ya kangaru, yotchedwa dzina la nyama ya ku Australia imene imasunga mwana wake m'thumba la pamimba. Khanda limavala kachipeŵa ndi theŵera lokha, nkumangiriridwa ndi chitenje pachifuŵa cha mayi, choimirira pakati pa maŵere, usana ndi usiku. Njirayi idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene makina ofunditsira ana adachepa, ndipo Chipatala Chachikulu cha Zomba chidatsegula chipinda chake mu 1999. Kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka mu 2021, wochitikira m'maiko asanu kuphatikizapo Malaŵi, adaonetsa kuti kuyamba njirayi mwana atangobadwa kumachepetsa imfa za makanda ang'onoang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mayi akatopa, bambo kapena agogo angathe kumlandira. Chifuŵa cha bambo chimafunda chimodzimodzi, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa izi ndizo zizindikiro zotsegulira chitseko cha chikuta. Khanda likaleka kuyamwa kapena likamayamwa mofooka. Likamangogona, osagwedezeka pokhapokha mutalikhudza. Thupi likatentha, kapena likazizira ngakhale mwalifunditsa. Likamapuma mofulumira, kokwana 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena nthiti zikamaloŵa m'kati kwambiri popuma, kapena likamabuula. Likakomoka, kapena manja ndi miyendo zikamagwedezeka zokha. Mchombo ukafiira mozungulira, ukamatuluka mafinya kapena kununkha. Maso akatupa ndi kutuluka mafinya. Khungu likachita chikasu tsiku loyamba lomwelo, kapena chikasucho chikafika m'zikhatho ndi kumapazi. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira. Munthu wamkulu angathe kudwala sabata lathunthu nkuchira, koma khanda limene laleka kuyamwa madzulo lingathe kutisiya tambala asanalire.

Apa ndilankhule ndi inu agogo mwaulemu wonse. Khanda likafooka, maganizo athu amathamangira ku tsempho, ndipo timayamba kufunsa kuti walakwa ndani, wathira mchere ndani, bambo wayenda kuti. Liwombo likaloŵa m'kati timafunafuna mankhwala opaka pamutu. Liwombo loloŵa limatanthauza kuti madzi achepa m'thupi, ndipo lotupa lingatanthauze matenda a mu ubongo. Zonse ziŵiri n'zakuchipatala. Milandu ya m'banja ingathe kudikira, ndipo ankhoswe adzaipeza maŵa. Mpweya wa khanda sudikira. Mawu anu ndiwo amamveka m'chikuta kuposa a wina aliyense. Mukanena kuti "tiyeni," palibe amene angatsutse.

Ndipo inu abambo, ngakhale muli pachikamwini, ulendo ndi wanu. Konzani zinthu mwana asanabadwe. Pogulitsa fodya, mtedza kapena soya, patulani ndalama ya njinga yamoto ndi kuisunga padera. Dziŵani mwini ngolo kapena wakabaza amene mungathe kumgogodera pakati pa usiku, ndiponso njira yodzera mitsinje ikadzaza m'dzinja. A ku Namitete ali ndi chipatala cha St Gabriel, chimene masisitere a ku Luxembourg adachiyambitsa mu 1959. A kwa Kabudula ali ndi chipatala chawo, a ku Nsaru ndi ku Nambuma alinso ndi zawo, ndipo a ku Mpingu ali pafupi ndi msewu wa tala wa ku Mchinji woloŵa mumzinda. Matenda akakula, zipatala zimenezi zimatumiza ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Panjira, khanda likhale pachifuŵa cha mayi, khungu ndi khungu, lofundidwa bwino, ndipo ngati likutha kuyamwa liziyamwa. Musaiŵalenso mayiyo: akamataya magazi ambiri, akatentha thupi, mutu ukamamuŵaŵa kwambiri kapena akamaona zachizimezime, nayenso athamangitsidwe.

Ngakhale zonse zili bwino, mayi ndi khanda ayenera kuonedwa ndi azaumoyo tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakati pa sabata loyamba ndi lachiŵiri, ndiponso pa masabata asanu ndi limodzi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu auzidwe kuti m'mudzi mwabadwa mwana. Katemera wa chifuŵa chachikulu ndi madontho a poliyo amaperekedwa mwana atangobadwa. Pa masabata asanu ndi limodzi kusikelo kumayamba akatemera ena, kuphatikizapo wa chibayo, amene adafika m'dziko muno mu 2011, ndi wa kutsekula m'mimba, amene adafika mu 2012. Kabuku ka kuchipatala kasungidwe pouma, kutali ndi chiswe.

Amayi anga, amene adati tidikire kuche, sadali munthu wouma mtima. Adalera ana asanu ndi aŵiri, ndipo ankachita zimene adaphunzira kwa amayi awo. Titabwerako kuchipatala, mchombo udagwa pa tsiku lake, ndipo iwo omwe ndiwo adameta mwanayo ndi kumtulutsa pabwalo monga mwa mwambo, nthungululu zili pakamwa. Mwambo sudaonongeke chifukwa cha ulendo wa pangolo uja. Kuyambira pamenepo, m'mudzimo mukabadwa mwana, iwo ndiwo amayamba kufunsa kuti, "Kodi akuyamwa?"

Funso limenelo ndikusiyirani inu nonse. Lifunseni m'maŵa, lifunseni madzulo, kwa masiku 28.